Mayi Mulipa ndi Maliro a Eni

Amene anasambitsa mtembo wa mayi Mulipa ndine. Anamwalira mwezi wathawu, Lachiwiri m'mawa, atakhala pamphasa pakhonde la nyumba yawo kuseri kwa msika wa Thuchila, akusankha nandolo. Amayi a mumpingo atasonkhana anayamba kuyang'anana, chifukwa kwa zaka zambirimbiri munthu akamwalira m'dera lathu funso loti asambitse ndani silinkafunsidwa n'komwe. Tsopano wosambitsayo ndi amene anali chigonere m'nyumbamo. Maso onse anathera pa ine. Ndinafuna kunena kuti mutu ukundipweteka, koma ndinadziwa kuti akanakhala moyo akanandiyankha kuti ndowa sagwira ndi mutu.

Kumanda anthu ananena zabwino zambiri, monga zimakhalira munthu akatseka maso. Wina anakumbutsa kuti mayiwa anakagwirako ntchito yongodzipereka ku Mozambiki chaka cha kolera chija, ndipo kumbuyo kwanga ndinamva mayi wina akunong'oneza mnzake kuti paja anakawachotsako chifukwa chophwanya malamulo. Zoonadi anawachotsa. Koma cholakwa chimene chinayambitsa zonsezo sichinali chawo, chinali changa, ndipo chinatsala pang'ono kuphetsa anthu asanu. Kumandako ndinakhalanso chete, ngati mmene ndinachitira tsiku lija. N'chifukwa chake ndikulemba izi.

Anali mayi wamfupi, wojintcha, wa mapazi akuluakulu osalowa m'nsapato zachizimayi, choncho ankavala zachimuna zomwe anasiya malemu amuna awo, aja ankalondera ku esiteti ya tiyi. Fodya wa m'mphuno ankasunga m'kabotolo ka mafuta odzola komwe ankakamangirira kumapeto kwa chitenje. Makolo awo anachokera kutsidya, ku Mozambiki, moti akapsa mtima Chichewa chinkawathawa n'kuyamba Chilomwe, ndipo kupsa mtimako sikunkasowa. Anakanganapo ndi abusa ena amene analalikira nthawi yaitali pamaliro dzuwa likuswa mtengo, nawauza pamaso pa anthu kuti amene akumulalikirayo wayamba kale kutupa. Anakanganapo ndi kalipentala wa pa Chitakale amene anakhoma bokosi lalifupi n'kumati angopinda miyendo ya malemuyo. Anakangananso kwa zaka ndi mwana wawo wamkazi wa ku Limbe, amene ankafuna kuti asiye ntchito yochititsa manyaziyo akakhale m'tauni. Kale ankagulitsa zitumbuwa pamsika, koma anthu atadziwa kumene manjawo amagwira, zitumbuwa zinkabwerera kunyumba zonse. Anangosintha n'kuyamba kumanga matsache, n'kumati wogula tsache safunsa za manja.

Anthu ankati mayi Mulipa alibe mantha, koma si zoona. Ankaopa agalu, ankaopa jekeseni, ndipo mlatho wa mitengo ankauwoloka chokwawa anthu akuwaseka. Maliro nawo ankawaopa. Ankati munthu wonena kuti saopa mtembo ndi wabodza kapena waledzera. N'chifukwa chake posambitsa ankalankhula ndi womwalirayo osapumira, kumupempha kuti atukule mkono, kumudzudzula pa zikhadabo zosawenga, kumuuza amene afika panja ndi amene sanafike ngakhale anamva uthenga. Ankati ukakhala chete m'chipinda chotero umayamba kumva zinthu zomwe palibe.

Ku Mozambikiko anapita ali ndi thupi lawo, nabwerako ali mafupa okhaokha, chitenje chikuwazungulira kawiri. Anatsika pa kabaza pamsika milungu itatu ife enafe tisanabwerere, ndipo ondiuza amati anthu ena sanawazindikire mpaka ataona nsapato zija. Satifiketi yomwe tonse tinalandira pomaliza, iwo sanapatsidwe. Owafunsa zomwe zinachitika ankangowayankha kuti kutsidya kunali kotentha. Mphamvu zawo sizinabwererenso mpaka imfa. Dimba la kumtsinje analisiya, ndipo ulendo wa kutchalitchi umene kale ankauyenda akukalipira ana m'njira, tsopano ankapumira kawiri.

Tinapitako chaka chimene namondwe anakokolola milatho. Madzi ataphwa, kolera anabuka m'midzi ya kutsidya kwa Muloza, ndipo bungwe lina la mpingo linabwera kudzafuna anthu ongodzipereka odziwa Chilomwe. Ine ndinali nditangokhala pakhomo chimalizire Fomu Folo, ndipo ndisaname, chomwe chinandikoka n'chakuti pomaliza amapereka satifiketi. Chilomwe changa chinali cha moni ndi kutukwana basi. Mayi Mulipa poyamba anawakana, ati ndi achikulire komanso sadziwa kulemba. Iwo anangoyang'ana gulu lathu la achinyamata n'kufunsa kuti mwa ana amenewa alipo amene anatsekapo pakamwa pa munthu wakufa. Tonse tinayang'ana pansi. Dzina lawo linalembedwa.

Anatiika pa sukulu ya pulayimale m'mudzi wina, mtunda wautali kuchokera pa chipata cha m'malire. Makalasi awiri anali a odwala, ogona pa mabedi obowola pakati, pansi pali ndowa. Kalasi yachitatu tinkagonamo ife, ndipo kachipinda kosungira mabuku ndi komwe tinkaikamo omwalira. Phiri lathu la Mulanje tinkaliona ndithu, koma chakumbuyo, ngati munthu wakwanu amene wakufulatira. Foni inkagwira ukakwera pachulu cha kuseri kwa bwalo la mpira, ndipo nthawi zonse ndikaimba kunyumba ndinkanama kuti zonse zili bwino.

Sizinali bwino. Anthu a m'mudzimo sankatiyankha moni. Ana akationa titavala magolovesi ndi majombo ankathawa akulira, poti anauzidwa kuti ndife anamapopa, aja amati amayenda kupopa anthu magazi. Chitsime chomwe tinathiramo mankhwala a kolorini anthu anasiya kutungapo, n'kumakatunga kudambo komwe kunali matendawo. Wodwala ankabwera naye zinthu zitafika pa mwana wakana phala, akamwalira n'kumati taonani, amene walowa pa sukulupo satuluka. Tsiku lina m'mawa tinapeza minga itayalidwa pakhomo la kalasi yathu. Sindikumbukira tsiku limene ndinadya chakudya n'kuchimva kukoma kumeneko. Ndinkaopa matenda, ndinkaopa anthu, ndipo koposa zonse ndinkaopa kachipinda ka mabuku kaja.

Pa maphunziro anatiuza kuti mtembo wa kolera ndi woopsa kuposa wodwala wamoyo. Uupopere mankhwala, uulowetse m'thumba lakuda lapulasitiki, utseke, uikidwe tsiku lomwelo, wachibale asaukhudze. Malamulowo anali abwino, sindikuwanyoza. Koma mayi Mulipa ankawonjezerapo zawo. Ankapempha nsalu kwa abale n'kukulunga mtembo usanalowe m'thumba, thumbalo n'kulitseka mpaka pachifuwa basi, nkhope ili poyera. Kenako ankadikira mwini mbumba, malume wa womwalirayo, kuti adzaime chapatali, aone nkhope, avomereze kuti ndi mwana wake ndipo ali wathunthu. Nthawi zina ankadikira mpaka dzuwa kupendeka, akuingitsa ntchentche ndi nthambi. A Mbewe, bambo wa ku Blantyre amene ankatitsogolera, zimenezi zinkawapweteketsa mutu. Ankati kuchedwa kulikonse n'kuika anthu pangozi, ndipo ankawawerengera mayiwo lamulo kuchokera m'buku. Mayi Mulipa ankamvetsera mpaka amalize, n'kufwenkha fodya wawo, kenako n'kuwakumbutsa kuti kwa eni kulibe mkuwe, ndipo wotseka nkhope ya mwana wa eni mwini wake asanaione wadziputira zomwe sangazithe. Mkanganowu unkachitika pafupifupi tsiku lililonse, ndipo ife tinkangouseka.

Lachisanu la mlungu wachinayi mayi Mulipa anaitanidwa m'mamawa ku maliro ena kutsidya kwa dambo. Cha m'ma teni kunamwalira mtsikana wa msinkhu wanga, dzina lake Rozita, amene anabwera naye dzulo lake atamukhazika panjinga. Amayi ake anali atathamangira kumunda kukaitana a Zuze, malume ake a mtsikanayo, ataona kuti mwana wayamba kutsirizika. Anzanga awiri anandithandiza kumunyamulira m'kachipinda kaja, nabwerera kwa odwala, ine n'kutsala naye ndekha. Ndinkangoyenera kumupopera mankhwala, kumulowetsa m'thumba mpaka pachifuwa, n'kudikira.

Mayi Mulipa anali atandichenjezapo kuti mtembo wa kolera nthawi zina umagwedezeka, ndipo si mizimu, ndi minofu chabe. Koma kumva n'kwina, kuona n'kwina. Ndikukoka thumba kuti lifike m'chiuno, mwendo wa Rozita unadzipinda wokha, zala za kuphazi zikutambasuka. Maso ake anali olowa m'kati, osatsekeka bwino, ndipo anali pa ine. Mutu wanga unaima. Ndinakoka zipi mpaka kumutu, itakana pakati ndinatenga chingwe cha neti n'kumanga thumbalo pakhosi, m'chiuno ndi m'miyendo, ndikumangitsa ndi mphamvu zanga zonse ngati angadzuke. Za nsalu sindinaganizeko n'komwe. Ndinatuluka liwiro n'kukasanza kuseri kwa chimbudzi.

Ndili komweko ndinamva kulira kwa amayi ake a Rozita. Sikunali kulira kwa maliro kumene tonse timakudziwa, kunali kukuwa kwa munthu woitana mudzi. Anasiya mwana wawo akupuma, napeza thumba lakuda lomangidwa patatu. Pasanathe ola bwalo la sukulu linali litadzaza. Nkhani inali itayenda kale kuti Amalawi amupopa magazi mtsikanayo, amudula ziwalo, n'chifukwa chake amubisa. Abale a odwala ena analowa m'makalasi n'kumazula madiripi, kunyamula anthu awo pamsana. A Mbewe anatuluka manja ali m'mwamba kuti afotokoze, koma asanamalize mawu atatu mwala unawatema pachipumi. Tinathawira m'kalasi yathu anthu asanu n'kutchinga chitseko ndi madesiki.

Mawindo a kalasiyo anali a mabuloko obowola, choncho tinkaona zonse. Ndinaona zikwanje, makasu, mipini. Ndinaona bambo wina akutsitsa petulo m'njinga yamoto n'kumathira m'botolo, ndipo posakhalitsa fungo lake linalowa m'kalasimo. Dzuwa linali pamutu, malata akuthetheka. Panja anayamba kufuula chinthu chimodzi mobwerezabwereza, ndipo ngakhale Chilomwe changa chinali chosauka ndinamva bwino lomwe. Ankati atuluke amene wamanga thumbalo, enawo awasiya. A Mbewe, magazi akuyenderera m'maso, anatifunsa motsitsa mawu kuti wamanga ndani. Anzanga awiri aja ankadziwa kuti anandisiya ndekha ndi mtembo, koma sananene. Inenso sindinanene. Ndinakhala pansi pakona, ndipo ndinazindikira mochedwa kuti ndadzikodzera.

Kenako phokoso linatsika kuyambira kumbuyo kwa gululo. Anali mayi Mulipa, akuchokera kudambo, matope mpaka m'mawondo. Sanathamange ndipo sanaime. Pambuyo pake anandiuza kuti sikunali kulimba mtima, miyendo inali itafa, moti akanati aime sakanayendanso. Anadutsa pakati pa zikwanje mpaka pomwe panaima a Zuze, bambo wamtali wa imvi amene anali asanalankhule chilichonse. Anavula nsapato zawo zija, nagwada m'fumbi, naomba m'manja. Anapereka moni wa maliro m'Chilomwe, mosafulumira, natchula mudzi umene anabadwira amayi awo ndi mtundu wawo. A Zuze anawasiya agwade nthawi yaitali. Atalankhula anasakaniza ndi Chichewa, kuti ife a m'katimo timve.

"Mwana wanga wamangidwa ngati thumba la makaka. Ndikufuna amene wachita zimenezi."

"Mukumufunayo ndine, bambo," anatero mayi Mulipa. "Ana ali umowo sagwira maliro popanda mawu anga. Ndamanga ndine. Ndalakwa."

Wina anafuula kuti akunama gogoyo, anamuona m'mawa akuwoloka dambo. Iwo sanacheuke n'komwe. Anati wotumidwa alibe mlandu, ndipo ngati pali woti aotchedwe ayambire pa iwo, pakuti ali kale pansi. A Zuze anati thumba limasulidwe, thupi lonse lioneke, kenako amayi a pabanjapo alitengere kunyumba akalisambitse ngati munthu. Pamenepo ndinadziwa tanthauzo lake. Amayi khumi akanagwira mtembowo, kenako n'kukaphikira anthu a pamaliro.

Mayi Mulipa anavomera kumasula, anavomera kuti amayi akuluakulu atatu aime pakhomo aone thupi lonse ndi maso awo. Koma za kusambitsa anakana. Anati kwawo mdzukulu akayamba maliro salandiridwa pakati, amamaliza yekha, apo ayi imfa imabwereranso pakhomo pomwepo mwezi usanathe. Mpaka lero sindidziwa ngati mwambo umenewu ulipo kapena anaupeka ali chigwadire. Ndinafunsapo akuluakulu angapo kwathu kuno, palibe anaudziwa. Koma anaunena ngati munthu wokumbutsa zinthu zodziwika, ndipo amayi ena m'gulumo anagwedeza mitu. A Zuze anaganiza, kenako analoza magolovesi omwe ankalendewera m'chiuno mwa mayiwo.

"Sambitsani, koma ndi manja. Mwana wanga si chimbudzi."

Mayi Mulipa anawasolola magolovesiwo n'kuwaika pansi, pamapazi pa a Zuze. Manja awo ndinkawadziwa, anali ong'ambikang'ambika ndi udzu wa matsache. Anadzuka, natembenukira ku kalasi yathu, naitana dzina langa. Anati Felesiya atuluke. Ndinaganiza kuti basi andipereka. A Mbewe anandigwira mkono kuti ndisapite, koma mayiwo anaitananso, ndi mawu aja ankaitanira nkhuku, kuti nditenge ndowa ndi mankhwala ndisawachedwetse. Sindikudziwa kuti ndinadutsa bwanji pabwalopo. Ndimangokumbukira kuti anthu ankanunkha thukuta ndi petulo, ndipo chitenje changa chinali chonyowa aliyense akuona.

M'kachipindamo anagwada pambali pa thumba n'kuyamba kumasula. Mfundo ya pakhosi inawavuta. Anaiyang'anitsitsa, kenako anandiyang'ana ine kamodzi kokha, n'kupitiriza. Mmodzi mwa amayi atatu a pakhomo aja anafunsa chifukwa chake ine ndavalabe magolovesi, iwo n'kuyankha msangamsanga kuti mtsikana wosabereka sakhudza maliro, ntchito yake n'kuthira madzi basi. Choncho ndinkathira madzi a kolorini, iwo akusambitsa ndi manja awo enieni, kumaso, m'khwapa, paliponse pomwe matendawo anadetsa. Ankalankhula ndi Rozita monga mwa chizolowezi chawo, kumupepesa kuti wasungidwa mumdima, kumuuza kuti malume ake afika ndipo mudzi wonse uli panja chifukwa cha iye. Kawiri konse anaiwala zomwe ankanena. Anamutembenuza kuti amayi aja aone msana, anawaonetsa zala zonse, makutu, lilime. Amayi ake a Rozita anavula chitenje chapamwamba n'kuchiponya kuchokera pakhomo, ndipo ndi chimene tinamukulungira.

A Zuze analowa pomaliza. Anaima pomwe mayi Mulipa anawalozera, nayang'ana nkhope ya mwana wa mlongo wawo. Anati ndi iyeyu. Kenako anakhala pansi pakhomo pomwepo n'kuyamba kulira ngati mwana, ndipo panja amayi anayamba kulira maliro enieni. Anthu a zikwanje aja anachoka mmodzimmodzi, ena kukakumba manda. Bambo wa petulo ndinamuona akubwezera mafuta ake m'njinga mosamala kuti asatayike. Rozita anaikidwa dzuwa lisanalowe. Palibe anatipepesa, ndipo minga pakhomo tinaipezanso kawiri, koma odwala ena omwe anatengedwa anabwezedwa mawa lake.

Patapita masiku awiri mayi Mulipa anayamba kutsegula m'mimba. Kaya anatengera pa mtembowo kaya kwina, sindingalumbire, koma ndikudziwa chimene ndimakhulupirira. Anagona pa bedi lobowola lija masiku asanu, maso atalowa ngati a Rozita, ndipo ndowa yawo ndinkataya ndine. Powaika diripi anatukwana m'Chilomwe mpaka odwala ena kuseka. Tsiku lachitatu analeka kutukwana, ndipo ndinachita mantha kuposa tsiku la petulo lija, chifukwa ndinadziwa kuti akamwalira ndawapha ndine. Anachira. A Mbewe anayenera kulemba lipoti, ndipo sindiwaimba mlandu, chipumi chawo chinali chosokedwa. Anaima pakati pa kalasi n'kufunsanso kuti amene anatseka thumba abale asanabwere ndani. Ndinayang'ana majombo anga. Mayi Mulipa anayankha ali chigonere kuti anena kale pamaso pa mudzi wonse, safuna kubwereza ngati ali kukhoti. Lipotilo linati anayambitsa chisokonezo, kenako anagwira mtembo opanda magolovesi. Atangotha kuima okha anawakweza galimoto kubwerera kumudzi.

Satifiketi ija inandipezetsa ntchito ya zaumoyo yomwe ndikugwira mpaka lero. Chaka chathunthu mayi Mulipa ndinkawalambalala, ndikawaona pamsika ndinkalowa mu okala. Tsiku lina ndinalimba mtima, ndinagula shuga n'kupita kwawo. Ndinawapeza pakhonde akumanga matsache. Ndinakhala pansi n'kuyamba kufotokoza, misozi ili mbwembwembwe, koma sanandilole kufika patali.

"Mfundo zija ndinaziona, iwe. Umamanga munthu ngati ukumanga nkhuni."

Ndinawafunsa kuti nanga bwanji sananene.

"Ndinene kuti akuotche? Amako ndikanawauza chiyani pamsika?"

Ndinati ndikufuna ndikaulule kwa a bungwe aja kuti dzina lawo liyeretsedwe. Anandiyang'ana ngati ndapenga. Anati pepalalo ndilisunge likudyetsa anthu, iwo dzina lawo silinalembedwepo pena paliponse ndipo silikusowa sopo. Anati ngati ndabwera kudzalira ndikalirire kwathu, pakhonde pawo anthu amalirapo za nzeru. Kenako anandiuza kuti mawa kuli maliro kwa a shehe a kuseri kwa sukulu, amayi a Chisilamu asambitsa okha koma akufuna wowaonetsa kathiridwe ka mankhwala, ndibwere m'mawa. Shuga analandira.

Kuyambira pamenepo sanapitenso ku maliro popanda ine. Sananene kuti andikhululukira, sanandikumbutsenso za Rozita ngakhale kamodzi. Ankangotumiza uthenga kuti ndibwere, ndipo ndinalibe nkhope yokanira. Anandiphunzitsa kumanga chibwano, kuwongola zala zisanaume, kudziwa woyenera kuona nkhope poyamba pakhomo lililonse, ndi kusatseka chilichonse munthu ameneyo asanafike ngakhale ali ku Joni pa foni. Ndikalakwitsa ankandikalipira pamaso pa womwalirayo, n'kumamudandaulira kuti aone ana a masiku ano. Mantha anga sanathe. Ndinawauzapo zimenezi zaka zingapo zitadutsa, ndikuyembekeza kuti andipatsa mankhwala ake. Anati iwonso sanathe, ndisiye kudikira.

Nyumba yawo tsopano ili chitsekere. Mwana wawo wa ku Limbe anatenga mabulangete ndi mbale, nakhoma loko watsopano pachitseko. Udzu wa matsache womwe mayiwo anadula mwezi womwe anamwalirawo uli mulu pakona ya khonde, ndipo chiswe chayamba kuukwera. Pomwe pankakhala mphasa pali malo osalala, nkhuku za anansi zasandutsa posambira fumbi. Nandolo wa kuseri wauma m'mitengo, akungothetheka yekha masana. Mvula yoyamba yagwa sabata yatha, zitsime zadetsedwa, ndipo kuntchito kwathu tayamba kale kulandira otsegula m'mimba.

Njira yopita pakhomopo yokha ndi imene sinamere udzu, chifukwa anthu akaferedwa miyendo imawatengerabe kumeneko. Amafika, amanena odi, amaona loko, kenako amakumbukira. Nyumba yanga ili kumtunda pang'ono, choncho ndimawaona. Dzulo masana panafika amayi awiri osawadziwa, mmodzi atafunda chitenje kumutu, winayo atamugwirira. Anaima pakhondepo nthawi yaitali. Kenako mnansi anatuluka n'kuwalozera kumtunda. Ine ndinali ndikuchapa. Ndinakhala pomwepo manja ali m'madzi, ndikuwaona akukwera njira yobwera kwanga, ndipo pakati pa iwo ndi ine panalibenso wina woti agwade n'kunena kuti mukumufunayo ndine.